Kabotolo ka amonke sikamwedwa ngati chipanda

DOMWE, ANGÓNIA. Mwezi wa Disembala ukafika, chimanga chili m'mawondo, ana a kuno amene amagwira ntchito ku Joni, ku Beira ndi ku Maputo amayamba kutulukira kumudzi. M'zikwama mwawo mumakhala mabulangete, mafoni ndi nsapato za agogo. Ena amaikamonso kabotolo kamodzi kapena tiwiri ta mowa wachilendo woti bambo akalawe. Pakati pa mowa wotere pali wina wotchedwa tripel, wochokera ku Belgium, dziko laling'ono la ku Ulaya. M'mabaraka a pa Domwe simuupeza. Koma amene walandira mphatsoyi ayambe waidziwa asanatsegule, chifukwa kabotoloko kamanamiza maso.

Ukathiridwa m'tambula, mowawu umaoneka ngati uchi wosungunuka, ndipo pamwamba pamakhala thovu loyera lochindikala. Munthu wozolowera 2M kapena Manica angati ndi womwewo. Ayi ndithu. Pa botolo la Westmalle Tripel, umene ndi kholo la mowa wa mtunduwu, palembedwa kuti ukali wake ndi magawo 9.5 pa 100. Wa 2M ndi magawo 4.5. Kabotolo ka mamililita 330 kameneka kali ndi ukali woposa wa botolo lalikulu la 2M lija la mamililita 550. Choopsa chake n'chakuti pakamwa suwotcha ngati kachasu. Umatsika mofatsa, ndipo mwini wake amazindikira pofuna kuimirira.

Ofulula mowawu ndi amonke a Chikatolika a chipani cha Trappist, amene amakhala moyo wa pemphero ndi ntchito za manja m'nyumba yawo ya ku Westmalle, kufupi ndi mzinda wa Antwerp. Si chipani cha ansembe a ChiJesuit amene anthu a kuno akhala akuwadziwa ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa. Amonkewa anayamba kufulula m'chaka cha 1836. Mowa waukali woonekera mbee uwu anautulutsa mu 1934, ndipo dzina loti Tripel anaupatsa mu 1956. Kuti mowa utchedwe wa Trappist, uyenera kufululidwa mkati mwa mpanda wa amonke, iwo eni akuyang'anira, ndipo phindu lake lisamalire nyumbayo ndi kuthandiza osowa. Palinso mowa wina wongobwereka dzina la nyumba ya amonke koma wofululidwa ndi kampani. Wotchuka ndi Leffe, wa kampani ya AB InBev. Kampani yomweyi ndi imene inatenga gawo lalikulu la Cervejas de Moçambique pamene inagula SABMiller mu 2016, kotero Leffe ndi 2M lero ndi ana a nyumba imodzi.

Mayi aliyense wofulula masese pa Domwe atamva mmene amonke amachitira sangadabwe kwenikweni. Nawonso amanyika mbewu m'madzi, imamera, amayanika, n'kukhala chimera. Kusiyana kwake n'kwakuti chimera chawo n'cha barele, osati cha mawere kapena chimanga. Amathiramo maluwa a chomera choyanga chimene Apwitikizi amati lúpulo, ndiwo amabweretsa kuwawa ndi kuteteza mowa kuti usasase msanga. Amawonjezanso shuga. Shugayu sakhala kuti atsekemeretse. Yisiti imamudya pafupifupi yense n'kumusandutsa ukali, n'chifukwa chake mowawo umakhala wamphamvu koma wopepuka pakhosi. Pothira m'botolo amaikamo yisiti ina pang'ono ndi shuga, ndiye mowa umapitiriza kuwira botolo lili chitsekere. Mowawu ndi wamoyo ngati wa mumtsuko. Kungoti wa mumtsuko ukatha masiku ochepa wasasa, pamene uwu ungathe chaka kapena kuposera ukukomerakomera.

Tsono kamwedwe kake. Botolo liyambe laima chilili tsiku limodzi kapena awiri litachoka pa ulendo, kuti nsenga zikhazikike pansi. Msewu wochokera ku Ulongwe umakhutchumula ngakhale munthu, nanji botolo. Lisazizire ngati ayezi, chifukwa kuzizira kwambiri kumapha fungo. Kuliviika m'madzi a mumtsuko wadothi kwa ola limodzi n'kokwanira, ndipo mu Juni kapena Julayi mphepo ya m'phiri la Domwe imagwira yokha ntchitoyo pakhonde. Tambula ikhale yotsukidwa bwino, yopanda mafuta kapena sopo, yakukamwa kwakukulu. Kumwera m'botolo ndi kuwononga ndalama za mwana. Pothira, tambula ipendekeke, mowa utsike pang'onopang'ono, ndipo pansi pa botolo patsale ngati chala chimodzi.

Asanamwe, munthu anunkhize. Muli fungo la nthochi yakupsa kwambiri, ndi kena kake konga zokometsera za m'sitolo ya Mmwenye. Nthochi sanaikemo. Ndi yisiti imene imatulutsa fungo limeneli powira. Pa lilime umayamba ngati ukutsekemera, kenaka kumabwera kuwawa kouma kumene kumakhalitsa kukhosi, ndipo pomaliza pachifuwa pamamveka kutentha. Woyamba kumene kulawa nthawi zambiri amakwinya nkhope chifukwa cha kuwawako. Aupatse mpata. Mowawo ukamafunda m'dzanja fungo limasintha, ndipo kumwa kwachisanu sikufanana ndi koyamba. Pambali pakhale nyama yootcha kapena mtedza wokazinga wa mchere. Pamimba popanda nsima, asayerekeze.

Luso lolawa mowa anthu a pa Domwe sachita kuphunzira kwa azungu. Kuyambira masiku amene Angoni a kwa Maseko anakhazikika m'tsinde mwa phirili, m'zaka za m'ma 1870, mowa sumwedwa usanalawidwe. Mwini mowa amamwa poyamba pamaso pa onse, kenaka mkulu amalandira chipanda, n'kunena ngati wapsa, ngati chimera chinachepa, kapena ngati phala linapserera. Chosiyana ndi muyeso. Masese ndi mowa komanso chakudya. Ukali wake ndi wochepa, ndipo munthu amatha kumwa zipanda zingapo pa dima kapena pa ngoma n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake. Amene atenge muyeso wa chipanda n'kuuika pa tripel agona panjira. Kabotolo kamodzi n'kokwanira anthu awiri, ndipo pa tsiku loyamba ngakhale atatu.

Nkhawa yaikulu ili pa anyamata a njinga zamoto amene amanyamula anthu ndi matumba a mbatata kupita ku Ulongwe ndi ku malire a Calómuè. Mnyamata amene amati botolo limodzi silimuchita kanthu amawerengera mowa umene anauzolowera. Kabotolo aka ndi mabotolo awiri a msinkhu womwewo. Amene wakamwa, kiyi apereke kwa mnzake, njinga igone pomwepo.

Nanga chala chimodzi chija chotsala m'botolo? Ku Belgium ena amataya, ena amakhutchumula n'kuthira m'kakapu kapadera. N'chamtambo, chowawa pang'ono, ndipo sichivulaza. Pa Domwe funso limeneli silivuta. Nsenga za pansi pa mtsuko zili ndi eni ake, ndipo akuluakulu sazisiyira ana.