Wi-Fi yoona kuseri kwa khoma

Kunyumba kwanga Wi-Fi imagwira bwino pabalaza, koma ndikangolowa kuchipinda n'kutseka chitseko, kanema pafoni amayamba kudukizadukiza. Khoma limafooketsa mafunde a wailesi amene Wi-Fi imagwiritsa ntchito, komabe silimawatsekereza onse. Ena amabooleza, ndipo akagunda thupi la munthu amabwerera ngati mawu ofuulira kuphiri.

Mu 2013, Dina Katabi ndi wophunzira wake Fadel Adib, a ku yunivesite ya MIT ku America, anagwiritsa ntchito mafunde obwererawa popanga chipangizo chotchedwa Wi-Vi. Vuto lawo linali lakuti khomalo limabweza mafunde ambiri kuposa munthu, moti chizindikiro cha munthuyo chimamira. Choncho anaika tinyanga tiwiri totumiza mafunde otsutsana. Obwerera kuchokera ku zinthu zosasuntha, monga khoma ndi kabati, amafafanizana okha, n'kutsala a chinthu choyenda basi. Kenako kompyuta imawerengetsera kuti munthu akuyandikira kapena akutalikira.

Apa ndi pamene ndimagoma: chipangizochi chilibe diso lagalasi ngati kamera, chithunzi chake chimatuluka m'masamu. Pofika 2018, gulu la Katabi linaphunzitsa kompyuta kujambula timizere tosonyeza mikono ndi miyendo ya munthu amene ali kuseri kwa khoma.

Ndikaganiza za agogo ogona okha, ndimaona phindu: akagwa usiku, achibale angadziwe popanda kuika kamera kuchipinda. Koma luso lomweli likafika kwa mnansi wokonda kusuzumira, khoma silidzabisanso kanthu. Ndiye ndimati malamulo oteteza chinsinsi cha m'nyumba ayendere limodzi ndi kafukufukuyu.