Gombe la Salima ndi Nkhondo ya Makanjira

Munthu akaima pa mchenga wa ku Senga Bay mbandakucha, pamene asodzi akukokera mabwato awo kumtunda ndipo amayi akuyanika usipa pa thandala, amaona mapiri akuda bii kutsidya kwa nyanja. Kumeneko ndiye kwa Makanjira, mfumu ya Ayao imene masiku amakedzana inkayesa madzi onsewa ngati bwalo la pakhomo pake. Zombo zake za matanga zinkaoloka pano zitasenza minyanga ya njovu ndi akapolo ogwidwa m'midzi ya Achewa, pakuti kwa eni dziko nyanja inali njira yolumikiza magombe awiri.

Koma m'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi, amene anali atatsala pang'ono kuthirana nkhondo chifukwa cha chigwa cha Shire, anapangana malire pa pepala, ndipo dziko la Makanjira linagwera mbali ya Angerezi, mwini wake osafunsidwa konse. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Bwana Harry Johnston wa Angerezi, pofuna kuthetsa malonda a ukapolo ndi kukhazikitsa ulamuliro wake, anadza ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India, natentha mudzi wa mfumuyo. Ndipo m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho Kaputeni Cecil Maguire wa gulu la Johnston anapitanso kwa Makanjira pa sitima ya Domira, dzina limene mpaka lero lili pa gombe lina la Salima, kuti akaononge zombo zotsala. Sitimayo inatitimira mumchenga, mfuti zinalira kuchokera kumtunda, ndipo Maguire anaphedwa ali m'madzi.

Imfa imeneyi inakoleza moto umene sunazime kufikira 1895, pamene Makanjira anagonjetsedwa nathawira ku dziko la Apwitikizi. Pa zaka zimenezo Angerezi anamanga linga la Fort Maguire kutsidya, ndi linanso ku Rifu, tsidya lathu lino, kuti aziyang'anira pooloka.

Malingawo anagwa kalekale, ndipo udzu unamera pamene panali mizinga. Koma dzina la Makanjira likali pa mafumu a mbali zonse ziwiri, ku Mangochi ndi ku Salima, ndipo mwera ukatsika, asodzi amaolokabe kukaona abale awo monga ankachitira makolo awo malire asanalembedwe.