Wogwirira Ntchito Pakhomo Akhale Kapitawo wa Iye Mwini

Chiyambire pamene tiyi anayamba kuphimba zitunda za Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndi pamene Maclean Kay anatsegula esiteti ya Satemwa m'chaka cha 1923, ntchito ya m'dera lino yakhala ndi malire odziwika kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe: wotchola tiyi amalawirira mame asanakamuke, kapitawo amamusonyeza munda wa tsikulo, kalaliki amapachika masamba pasikelo nalemba makilogalamu m'buku, ndipo dzuwa likapendeka onse amaweruka, ntchito n'kutsala kumunda, munthu n'kupita kwawo. Sitinena kuti dongosololi linali lachifundo, pakuti misozi ya thangata siinaiwalike pakati pathu. Tingoti linkamudziwitsa munthu nthawi yoyamba ndi nthawi yoleka.

Mliri wa COVID-19 utapezeka m'Malawi pa 2 Epulo 2020, ngakhale Bwalo Lalikulu linaimitsa lamulo lotsekera anthu m'nyumba kwa masiku 21, maofesi ambiri a ku Blantyre ndi ku Limbe anauza antchito awo kuti azigwirira kunyumba. Wotchola tiyi sakanatha kusenza munda kupita nawo pakhonde pake, ngakhalenso wa m'fakitale makina ake. Koma owerengera ndalama, alembi ndi antchito a mabungwe okhala ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi paboma anakondwa kuti apuma ku maminibasi a mbandakucha, ndipo ena a iwo mwambowo akali nawo kufikira lero. Komatu walira mvula walira matope, pakuti pakhomo palibe kapitawo woyambitsa ntchito, palibenso woweruka naye.

Chiyeso choyamba chimadza ndi mawu aulemu. Mnansi akaona chitseko chili chotsegula pa Lachiwiri m'mawa amati, "Odi kuno! Kodi lero muli pomwepo, bambo?" ndipo popeza kwathu mlendo sapirikitsidwa, mpando umatuluka, madzi amateleka, nkhani ya maliro a kutsidya n'kufikitsa dzuwa paliwombo. Wanzeru amafotokozera banja lake ndi anansi, mofatsa ndi mwaulemu, kuti kuyambira ola lakuti kufikira lakuti iye ali kuntchito ngakhale nsapato zake zili pakhomo; amasamba navala monga wopita kwa akulu, amapatula ngodya imodzi ya nyumba yosasewerapo ana, nalemba madzulo zinthu zitatu zimene adzatsirize mawa, chifukwa Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chiyeso chachiwiri ndi magetsi. Mphamvu yambiri ya dziko lino imachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kotero kuti namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo anthu anakhala mumdima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake wogwirira pakhomo agawe ntchito yake pawiri: yofuna kompyuta ndi intaneti aigwire magetsi akadalipo, natchajiretu lamya ndi batire, yowerenga, yolingalira ndi yolemba pamanja aisungire nthawi ya kuzima, ndipo ngati thumba lilola, kasola kapadenga kadzamuchotsera nkhawa yaikulu.

Koma phindu lake n'chiyani kutsiriza malipoti onse thupi likufooka? Wotchola tiyi amadandaula msana chifukwa cha dengu; wa pakompyuta msana umamupweteka chifukwa chokhala tsiku lonse pampando wa pabalaza atawerama, khosi lili zyoli. Aike chipangizo chake pamwamba pa mabuku kuti chilingane ndi maso, mapazi aponde pansi, ndipo ola lililonse anyamuke, aponye maso kuphiri la Thyolo kuti apume ku kuwala kwa galasi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pamlungu, ndipo kwa wokhala pakati pa zitunda zotere, kukwera mtunda mwandawala theka la ola masiku asanu n'kokwanira. Asamalenso kapu ya tiyi, imene pakhomo imadzazidwa kosawerenga, iliyonse ndi masupuni atatu a shuga. Nayezetse kuthamanga kwa magazi pachipatala cha boma kapena ku Malamulo, pakuti nthendayi imayenda mwakachetechete. Ndipo chiperoni chikakuta minda mu Juni ndi Julayi, zala zili gwa ndi chisanu, asalowetse mbaula m'chipinda chotseka mazenera, popeza makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo, umene umayamba ndi mutu ndi tulo, n'kutsirizira kumanda.

Palinso ngozi ina imene imagwera akhama koposa aulesi, ndiyo kusaweruka. Lamya imalira pachakudya chamadzulo, uthenga wa WhatsApp umafika pakati pa usiku, ndipo munthu amayankha poopa kuti akulu angamuyese wogona. Mu 2021 WHO ndi bungwe la zantchito padziko lonse, ILO, analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pamlungu kumachulukitsa ngozi ya sitiroko ndi nthenda ya mtima, ndipo kunapha anthu 745,000 m'chaka cha 2016. Pano mlimi wa tiyi ndiye mphunzitsi wathu, pakuti ngakhale m'dzinja, pamene mitengo imaphuka mwamphamvu, iye amatchola masamba awiri ndi nsonga yokha, nausiya mtengo masiku angapo asanabwerereko, ndipo m'nyengo yozizira amaudulira kuti upume. Akauumiriza, chaka chamawa dengu limapepuka.

Chotero nthawi yoweruka ikakwana, kompyuta itsekedwe, iikidwe m'chikwama chake, ndipo munthu atulukire kwa anzake, kumsika, kumpira, kumapemphero kapena kukazonda wodwala, pakuti wodzitsekera m'nyumba mlungu wathunthu amayamba kudwala mumtima thupi lisanadziwe. Tsiku limodzi mwa asanu ndi awiri alisunge lopumula, monga makolo a Chikhristu ndi a Chisilamu omwe anatiphunzitsa kupatula nthawi ya Mulungu; ndipo akulu a ntchito nawonso aphunzire kuyesa wantchito ndi zimene watsiriza, osati ndi changu chimene wayankhira lamya usiku.