Kaundula wa pa netiweki asagonere seva imodzi

Kulikonse kumene makompyuta ambiri amalumikizidwa pamodzi, kaya pa chipatala chachikulu ngati cha Kalindawalo ku Petauke kapena mu ofesi ya boma ku Nyimba, pamafunika kaundula wa mayina ndi mapasiwedi a antchito. Odziwika ndi Active Directory ya Microsoft ndi OpenLDAP. Seva yosunga kaundulayu ikazima, mafayilo onse amakhala alipo, koma palibe wotsimikiza kuti inu ndinu ndani, ndiye ntchito imaima.

N'chifukwa chake ine ndimaumirira maseva awiri, m'zipinda zosiyana, iliyonse ndi batire yake. Tonse tikukumbukira mmene magetsi ankathimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Komatu maseva awiriwo amakoperana chilichonse, zolakwika zomwe. Mukafufuta dzina la namwino pa imodzi, inzake imalifufutanso posachedwa. Mu 2017 vayirasi ya NotPetya inafafaniza maseva a kaundula a kampani ya zombo ya Maersk padziko lonse. Inapulumuka imodzi yokha, ya ku Ghana, chifukwa kumeneko magetsi anali atathima. Mwayi wotero sitingaudalire.

Kope la kaundula lizikhala pa disiki yozulidwa pa netiweki, yotsekeredwa m'kabati ya nyumba ina. Lisakalambe: Active Directory nthawi zambiri imakana kope lopitirira masiku 180. Ndipo chonde, muziliyesa pa kompyuta yapadera, muone ndi maso kuti mayina akubwereradi.