Chikhakha Kapena Chitsulo?

Omvera athu, munthu akathyoka fupa la msongolo, monga zichitikira pa ngozi za kabaza pa Boma la Mchinji, achipatala amayamba ajambula mwendowo. Ngati fupa silinasemphane, amamanga chikhakha, ndipo kwa munthu wamkulu limalumikizana pa miyezi 3 kapena 4. Musachinyoze chikhakha poganiza kuti nchithandizo cha amphaŵi. Kathyokedwe ka fupa ndiko kamalamula. Likasemphana kwambiri, wodwala amatumizidwa ku Lilongwe kukamuika chitsulo m'kati mwa fupalo, ndipo amayamba kuponda msanga. Koma fupa likaboola khungu, musathirepo zitsamba. Phimbani ndi nsalu yoyera, muthamangire kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti bala likachita mafinya mwendo ungathe kudulidwa.