Kasamalidwe ka Kilatchi pa Mchenga wa ku Chintheche

Njinga zamoto za kabaza ndizo zimanyamula usipa, odwala ndi amalonda pakati pa msewu wa M5 ndi midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuchokera ku Chintheche kukafika ku Bandawe ndi Kande. Njira zotsikira kunyanjako n'zamchenga, ndipo mchenga sukhalitsa kilatchi.

Chogwirira cha kilatchi chili kudzanja lamanzere. Mukachifinya, injini imalekana ndi tayala lakumbuyo. Mukachisiya, ziwirizi zimagwirananso. Ponyamuka, chifinyeni mpaka chigunde handulo, pondani giya yoyamba, kenaka tambasulani zala pang'onopang'ono uku mukuwonjezera moto. Njinga ikayamba kukoka, musafulumire kusiyiratu. Wosiya mwadzidzidzi amazimitsa injini kapena kugwetsa amene wamunyamula.

Vuto lenileni lili pa mchenga. Ambiri amayenda atafinya kilatchi theka, injini ikulira. Pamenepo mapuleti a mkati amakhulana mpaka kupsa, ndipo ndalama za masiku angapo zimathera kwa makaniko. Lowani pa mchenga ndi giya yachiwiri, kilatchi mutaisiyiratu, moto osausinthasintha. Tayala likatitimira, wokwera atsike, mukankhe.

Onetsetsaninso kuti nsonga ya chogwiriracho ikusewera mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kukoka waya.