KUCHEPETSA PHOKOSO MU WAILESI YA CB YA M'LOLE

Dalaivala wa lole amayenda maulendo ataliatali, usana ndi usiku, kawirikawiri ali yekha. Nchifukwa chake madalaivala ambiri m'maiko ena amaika m'galimoto zawo wailesi yotchedwa CB. Wailesi imeneyi si yomvera nyimbo ayi. Ndi yolankhulirana. Dalaivala amene ali patsogolo amauza anzake a m'mbuyo kuti, "Chepetsani liwiro, pa mlatho pachitika ngozi." Koma ngati wailesi ikungosokosa, chenjezo limenelo silimveka, ndipo munthu amangozindikira wafika kale pangozipo.

Wailesi ya CB yomwe tikunena pano inayambira ku America m'chaka cha 1958. Mu 1977 matchanelo ake anawonjezedwa kuchoka pa 23 kufika pa 40. Kumeneko madalaivala a malole amakonda tchanelo 19, ndipo tchanelo 9 ndi yoitanira thandizo pangozi. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake a mawailesi otere. Ku Malawi amene amayang'anira zimenezi ndi bungwe la MACRA. Funsani kaye musanagule.

PHOKOSO LIMACHOKERA KUTI?

Phokoso lina limachokera kunja. Mphezi ikang'anima, kapena mukamadutsa pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, wailesi imasokosa. Limeneli musavutike nalo, limatha lokha.

Phokoso lovuta ndi lochokera m'galimoto momwemo. Tcherani khutu, pakuti chilichonse chili ndi kaliridwe kake.

Mluzu umene umakwera mukaipatsa moto injini, nkutsika mukachepetsa, umachokera ku alternator, makina aja amene amatchaja batire.

Kuthetheka ngati chimanga chokazinga kumachokera ku mapulagi. Izi zimachitika m'galimoto za petulo. Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka chotere.

Phokoso limene limayamba mukangoyatsa mawaipa kapena fani limachokera ku timamota ta zinthu zimenezo. Tchaja ya foni ndi nyali zina za LED nazonso zimasokosa kwambiri.

KUPEZA POLOWERA PHOKOSO

Phokoso lili ndi makomo awiri: limalowera ku eriyo kapena ku mawaya a magetsi a wailesi. Musagule kanthu musanadziwe khomo lake. Imikani galimoto pamalo abwino, kutali ndi mawaya a magetsi, ndipo chitani izi:

1. Zimitsani injini, muyatse wailesi yokha. Mvetserani.
2. Lizani injini. Kodi phokoso lawonjezeka?
3. Yatsani mawaipa, fani, nyali ndi tchaja, chimodzichimodzi. Chimene chabweretsa phokoso ndicho mwini mlandu.
4. Masulani waya wa eriyo kumbuyo kwa wailesi. Phokoso likatha, ndiye kuti limalowera ku eriyo. Likapitirira, limalowera ku mawaya a magetsi.

Chenjezo: eriyo ili yomasula, musadine batani lolankhulira. Mukhoza kupsereza wailesi.

NGATI LIKULOWERA KU MAWAYA A MAGETSI

Anthu ambiri amalumikiza wailesi poyatsira fodya, chifukwa nkosavuta. Koma pamenepo pamadutsa phokoso la zinthu zina. Njira yabwino ndi kutenga magetsi ku batire kwenikweni. Ikani fyuzi pa waya wofiira, pafupi ndi batire. Musaiwale fyuzi! Waya wopanda fyuzi ukakhudza chitsulo umayaka, ndipo lole yonse ndi katundu wake ikhoza kupsa.

Waya wakuda ukhale waufupi, womangidwa pa chitsulo choyera cha galimoto. Palani utoto ndi dzimbiri, kenaka mangani bawuti zolimba.

Mluzu ukapitirira, gulani fyuluta ya phokoso, muike pa waya wofiira pafupi ndi wailesi. Ukakulabe, pitani kwa makaniko akaone alternator, pakuti mwina yayamba kuwonongeka.

Kumbukiraninso kuti malole ambiri akuluakulu amayendera magetsi a mavoti 24, pamene mawailesi ambiri a CB amafuna 12 basi. Pamafunika kachipangizo kotsitsa magetsi. Nako kakakhala kosapangidwa bwino kamasokosa.

NGATI LIKULOWERA KU ERIYO

Chitsulo chimene chagwira eriyo chiyenera kukhudzana bwino ndi thupi la galimoto. Apanso adani ndi omwe aja: utoto ndi dzimbiri. Ngati eriyo ili pa chitsulo cha galasi loonera m'mbuyo, lumikizani chitseko ndi thupi la galimoto ndi waya waufupi koma wonenepa.

Tsatani waya wa eriyo ndi dzanja kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Kodi wapanidwa ndi chitseko? Kodi wang'ambika, nkulowa madzi? Waya wotero sukonzeka bwino, ngofunika kusintha. Usayende limodzi ndi mawaya a injini.

Pemphani wodziwa mawailesi kuti ayese eriyo ndi mita ya SWR. Nambala ikakhala pansi pa 2, zili bwino. Ikafika pa 3, lekani kulankhulira mpaka akonze.

MABATANI A PA WAILESI

Batani lolembedwa SQUELCH limatseka phokoso pamene palibe wolankhula. Lizungulizeni pang'onopang'ono, ndipo phokoso likangoti zii, lekerani pomwepo. Mukapyoza, simudzamva anzanu akutali. Ngati pali batani la ANL kapena NB, liyatseni, limachepetsa kuthetheka kuja.

Zonsezi chitani galimoto itaima. Pamsewu, manja akhale pa chiwongolero ndi maso patsogolo. Phokoso lonse silingathe, koma mukalichepetsa mudzamva mnzanu pamene akukuchenjezani, ndipo iyenso adzakumvani tsiku limene galimoto yanu yafera patchire.

MAFUNSO

1. Kodi wailesi ya CB imathandiza bwanji dalaivala?
2. Tchulani makomo awiri olowera phokoso.
3. Nchifukwa chiyani fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire?
4. Lembani m'kope lanu zinthu zitatu za m'galimoto zimene zimasokoneza wailesi.